Ndani akumane ndi ndani? Momwe osewera amagawidwira m'mipikisano ya magemu a pakompyuta

Mu 2021, mpikisano wa The International wa masewero a Dota 2 unachitikira mumzinda wa Bucharest ku Romania, ndipo ndalama zolimbirana zinaposa madola 40 miliyoni a ku America. Timu ya Team Spirit, yomwe inatenga chikho, inalandira madola oposa 18 miliyoni. Pomwe pali chuma chotere, nkhani yoti ndani akumane ndi ndani siisiyidwa m'manja mwa mwayi wokha. Pali masamu amene amaiyendetsa.

Maziko a masamuwo anachokera ku masewero a chess. Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wa ku America yemwe anabadwira ku Hungary, anakonza njira yopatsa wosewera aliyense nambala yosonyeza luso lake, ndipo bungwe la FIDE linaivomereza mu 1970. Wopambana amalanda mapointi kwa wogonja, koma kuchuluka kwake kumatengera mphamvu za awiriwo. Woposa mnzake ndi mapointi 200 amayembekezeka kupeza zigawo pafupifupi 76 pa 100 za mapointi a masewerowo. Choncho katswiri akagonjetsa wofooka amapindula pang'ono, koma akagonja amataya zambiri.

Njira zina zinabwera pambuyo pake. Ya Glicko, yomwe anakonza Mark Glickman, imayezanso kudalirika kwa nambala ya wosewera: ya munthu watsopano imakwera kapena kutsika msanga, pomwe ya wozolowera imasintha pang'onopang'ono. Kampani ya Microsoft inakonza TrueSkill, yoyenera masewero a m'matimu. Kampani ya Valve inayamba kugwiritsa ntchito Glicko mu Dota 2 mu 2023.

Wosewera akalowa pamzere pa intaneti, kompyuta imamufunira anthu a nambala yofanana ndi yake. Ikawasowa, imayamba kulola ena otalikirana naye luso kuti asadikire nthawi yaitali. Imaonanso mtunda, chifukwa uthenga wochokera kutali umachedwa kufika ku seva, ndipo kuchedwa kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi kungagonjetse munthu. N'chifukwa chake seva za Valve za ku Johannesburg zili zofunika kwa osewera a kumwera kwa Africa.

Pampikisano waukulu, okonza amayamba ndi kusanja matimu molingana ndi mphamvu zawo, kuti ziphona zisachotsane m'ndime yachipulula. Mipikisano ya Major ya Counter-Strike imatsata njira ya Swiss, imenenso inachokera ku chess. Matimu 16 amalowa m'ndime imodzi, ndipo iliyonse imakumana ndi inzake ya zotsatira zofanana nazo: yopambana kawiri imakumana ndi yopambananso kawiri. Yopambana katatu imapitirira, yogonja katatu imatuluka. Matimu akafanana, amaona mphamvu za omwe iliyonse yakumana nawo kale, mwa njira yotchedwa Buchholz.

Ndime yomaliza ya The International ili ndi dongosolo lina. Timu yogonja m'gulu lapamwamba imatsikira m'gulu lapansi, komwe ikagonjanso imatuluka. Team Spirit inadzera m'gulu lapansilo mpaka kutenga chikho.

Vuto lalikulu la masamuwa ndi chinyengo. Akatswiri ena amatsegula akaunti yatsopano n'kumadzionetsa ngati ophunzira kuti azigonjetsa ofooka, khalidwe lotchedwa smurfing. Ena amalipira katswiri kuti awasewerere n'cholinga chokweza nambala yawo. Mu 2023, Valve inalengeza kuti yatseka maakaunti 90,000 a smurfing mu Dota 2. Nkhanzayi imagwetsa ulesi ophunzira, komanso imasokoneza nambala zimene matimu amayang'ana pofuna achinyamata aluso oti awalembe ntchito. Wachinyamata wopanda dzina amayamba kudziwika ndi nambala yakeyo, motero kuona mtima kwa masamuwa kumakhudza tsogolo lake.