Khutu, Nyimbo ndi Njira ya ku Digiri ya PhD

Nkhani ya lero ikuchokera pa Boma la Chiradzulu, ndipo ikukhudza achinyamata amene akulakalaka kuphunzira za kamvedwe ka mawu ndi nyimbo kufikira digiri ya PhD. Digiri imeneyi si ya udokotala wa kuchipatala ayi. Imaperekedwa kwa munthu amene wafufuza funso limodzi kwa zaka zitatu kapena zinayi, napeza yankho limene kale silinkadziwika.

Tiyambe ndi khutu lenilenilo. Mawu akalowa amagwedeza kachikopa ka m'kati, ndipo timafupa titatu timapititsa kugwedezako ku kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000. Georg von Békésy adalandira mphotho ya Nobel mu 1961 kaamba koonetsa kuti mawu okwera amagwedeza mbali ina ya kachiwaloko, otsika mbali inanso. Timaseloti tikafa chifukwa cha phokoso, matenda oumitsa khosi kapena mankhwala ena, sitimeranso.

Komatu khutu limangotola mawu. Wopanga tanthauzo ndi ubongo. Gerhard Kubik wa ku Vienna, pophunzira malimba otchedwa amadinda ku Uganda cha m'ma 1960, adapeza chinthu chodabwitsa. Oimba awiri akamamenya mosinthana ndiponso mofulumira, womvera amamva nyimbo zina zimene palibe dzanja limene likuziimba, pakuti ubongo umasonkhanitsa mawu okwera paokha, otsika paokha. Ndipo mu 2016 Josh McDermott wa ku MIT ndi anzake adapeza kuti anthu a mtundu wa Tsimane' ku Bolivia amakondwera mofanana ndi mawu amene Azungu amati n'ngogwirizana ndi amene amati n'ngosemphana. Tsono n'zoonekeratu kuti sitingadziwe kamvedwe ka anthu onse poyesa a ku Ulaya ndi ku America okha.

Apa mpamene boma la Chiradzulu likulowa. Ku Nguludi kuli sukulu ya ana osamva ya Maryview, ndiponso koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana otere. M'midzi muli ng'oma za tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wake mu 2014. Pakati pa Ayao pali mangolongondo, oimbidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anana. Nacho Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo mwa kukweza ndi kutsitsa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limawasiyanitsa. Timakina toikidwa m'kati mwa khutu mwa opaleshoni timavutika kupereka kukwera ndi kutsika kumeneku. Nanga mwana wa Chichewa wovala kamakina kotere amamva mtengo uti? Limeneli ndi funso lokwanira PhD, ndipo yankho lake likhoza kusintha kaphunzitsidwe ka mwanayo.

Tsono wophunzira wa pa sekondale ya Chiradzulu angayende bwanji? Choyamba ndi digiri yoyamba. Ikhoza kukhala ya nyimbo kapena ya zilankhulo ku University of Malawi ku Zomba, ya za umoyo ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena ya za makutu monga imene idayambitsidwa ku African Bible College ku Lilongwe. Pa msinkhu umenewu asathawe masamu ndi kompyuta, chifukwa kamvedwe kamayesedwa ndi manambala.

Chachiwiri ndi digiri ya Masters, pamodzi ndi ntchito yogwira ndi manja. Kuyeza makutu pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kuthandiza m'kalasi la ana osamva, kapena kujambula oimba a m'mudzi, zonsezi zimam'patsa munthu funso lakelake.

Chachitatu ndi kupeza mphunzitsi woyang'anira, pakuti pa PhD munthu amasankha mphunzitsi asanasankhe sukulu. Muwerenge zimene mphunzitsiyo adalemba, kenaka mum'lembere kalata yaifupi yonena funso lanu, anthu amene mudzawayese, ndi njira imene mudzatsate. Kalata yongoti mukufuna maphunziro aliwonse kawirikawiri siyankhidwa. Malo oyang'anako ndi monga University of Pretoria ndi University of Manchester pa za makutu, Max Planck Institute for Empirical Aesthetics ku Frankfurt pa za kamvedwe ka nyimbo, ndi International Library of African Music ku Rhodes University, kumene kukusungidwa nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'dziko muno.

Chachinayi ndi ndalama. Thandizo limapezeka kudzera ku Commonwealth Scholarship, ku DAAD ya ku Germany ndi ku Fulbright ya ku America, ndipo mafomu ake amafunika kutumizidwa miyezi yambiri maphunziro asanayambe. Opempha ndi ambiri, motero wokanidwa chaka chino akonze pempho lake n'kuyesanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira imeneyi ena adaidutsa kale. Al Mtenje adatenga PhD ku London mu 1986 pa kamvekedwe ka mawu a Chichewa. Moya Aliya Malamusi, wa m'mudzi wa Singano ku Chileka, adayamba ndi kuimba ndi kujambula oimba a m'midzi, nafika potenga digiri ya udokotala ku University of Vienna. Onse awiri adapita kunja atanyamula za kwawo.

Inu makolo, mafumu ndi aphunzitsi, wofufuza akabwera ndi chilolezo chake kudzapempha kuyeza ana kapena kujambula ng'oma, mum'funse cholinga chake, ndipo mum'lamule kuti adzabwerenso kudzakuuzani zimene wapeza.