Mukakhuthula mpunga, chotsani matumba

Kwathu ku Bua, mlimi akakhuthulira mpunga m'nkhokwe, sasiya matumba ali mbwee pakhomo. Amawakung'untha, kuwapinda, n'kuwachotsa. Kompyuta nayo imafuna mwambo womwewo.

Ndinaziona ndi maso pa ofesi ina kumene ndinkathandiza kusunga kaundula wa alimi. Madzulo alionse mafayilo a CSV ankafika pa seva, pulogalamu n'kukhuthulira zam'kati mwake mu database. Koma mafayilowo ankangotsala pomwepo. Tsiku lina m'mawa seva inakana kulandira chilichonse: disiki inali itadzaza ndi matumba akale okhaokha.

Mankhwala ake ndi osavuta. Pa seva ya Linux pali cron, kapulogalamu kogwira ntchito pa nthawi imene mwakaikira. Mumangokauza kuti usiku ulionse kazifufuta mafayilo amene adutsa masiku 30.

Komatu pali msampha. Magetsi akathima kukhuthula kuli m'kati, ndiye kuti mayina ena sanalowe. Mukafufuta fayiloyo, mwataya thumba ndi mpunga womwe. Choncho pulogalamu iziyamba yawerenga mizere ya m'fayilo n'kufananiza ndi imene yalowa. Zikagwirizana, izisamutsira fayiloyo mu foda ina, ndipo cron azisesa m'menemo mokha.

Vuto si kuchepa kwa malo kokha. Lamulo la Data Protection Act la 2024 silifuna kuti mayina ndi manambala a foni a anthu azisungidwa kupyola nthawi yofunikira. Awerengi anzanga, yambani mwatsimikiza kuti zonse zalowa, kenako sesani.