Anthu odzipereka ndi kasamalidwe katsopano ka nkhalango za Mulanje ndi Michesi

Nkhalango za phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi ndi za boma, koma gawo lalikulu la ntchito yozisamalira limagwera anthu a m'midzi yozungulira, ndipo ambiri mwa iwo salandira malipiro. Ndiwo amalambula misewu yotchinga moto, ndiwo amafesa mitengo m'manazale, ndipo utsi ukafuka m'phiri nthawi ya chilimwe, ndiwo amayamba kuthamangirako ndi nthambi zaziwisi. Ntchito imeneyi yakula kufunika kwake kuyambira mu Julaye 2025, pamene bungwe la UNESCO, pa msonkhano wake ku Paris, linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga. Ndi malo achitatu m'Malawi kulandira ulemu umenewu, kutsatira paki ya pa nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a kwa Mfumu Yaikulu Kaduya, m'chigwa cha Phalombe kumpoto kwa mapiriwa, ngakhale amene minda yawo sinachite malire ndi nkhalango.

Boma la atsamunda linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Mulanje mu 1927. Kuyambira pamenepo kwa zaka pafupifupi 70, mwini ntchito anali mmodzi, dipatimenti ya zankhalango. Mlonda wa nkhalango amayendera malire, amadula ziphaso za nkhuni ndi matabwa, ndipo munthu wa m'mudzi akapezeka m'katimo opanda chiphaso amalandidwa nkhwangwa. Kumbali ya Phalombe, khomo lolowera linali ndipo likadali pa Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene atsamunda anamanga linga mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo. Kuchokera pamenepo njira imakwera kukafika ku kanyumba kogona alendo ka Sombani.

Dongosolo lakalelo linkadalira mantha ndi ndalama za boma, ndipo zonse ziwiri zinachepa m'zaka za m'ma 1990. Alonda anali ochepa, anthu m'chigwa anali atachuluka, ndipo ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, ena anaona ngati ufulu watsopano wafikanso m'nkhalango. Boma linayankha ndi mfundo zatsopano za nkhalango mu 1996 ndi lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linalola kuti midzi izisainirana pangano ndi dipatimenti losamalira limodzi gawo la nkhalango ya boma. Njirayi inayesedwa koyamba ku Chimaliro m'boma la Kasungu ndi ku nkhalango ya Liwonde m'boma la Machinga. Lamulo lomwelo linapatsa mphamvu makomiti a m'midzi oona zachilengedwe. Mu 2000 UNESCO inazindikira Mulanje ngati dera lofunika pa zamoyo zachilengedwe, ndipo nthawi yomweyo panabadwa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, lomwe anthu amangoliti MMCT, lothandizidwa ndi thumba la ndalama lochokera ku Global Environment Facility kudzera ku World Bank. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwanso ndipo zilango zinakhwima. Lero tsono phirili lili ndi oyang'anira angapo: dipatimenti ya zankhalango, MMCT ndi mabungwe anzake, makhonsolo a Mulanje ndi Phalombe, mafumu, makomiti a m'midzi, komanso dipatimenti yoona zakale ndi zipilala, poti ulemu wa 2025 unaperekedwa chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalemekeza phirili ngati mokhala mizimu.

Chimene chimamangirira munthu wa kwa Kaduya ku nkhalangoyi ndi madzi. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imayambira m'phiri n'kudutsa m'chigwa kupita ku nyanja ya Chilwa, nyanja yosazama yomwe inaphwera mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratunso mu 2012 ndi 2018. Mipopi yambiri ya m'chigwachi simayendera injini. Madzi amatapidwa m'mitsinje kumtunda n'kutsika okha m'mapaipi mpaka kumidzi. Ntchito imeneyi inagwiridwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo ngalande zokwiriramo mapaipi zinakumbidwa ndi anthu a m'midzi mwaulere, mudzi ulionse ndi chigawo chake, boma likungopereka mapaipi ndi amisiri. Kudzipereka pa ntchito ya phiri sichinthu chachilendo kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti wokumba ngalande amaona madzi akutuluka pampopi pakangopita miyezi, pamene wobzala mkungudza sadzachekapo thabwa m'moyo wake.

Palinso mantha a Napolo. Mu Malichi 1991 matope ndi miyala zinagumuka ku Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo m'maboma a kummwera, kumene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kunena kuti mitengo ikadaletsa zonsezi kungakhale kunamiza anthu, pakuti mvula ikagwa yochuluka motero pa malo otsetsereka, phiri limagumuka ngakhale lili ndi mitengo. Chimene nkhalango imachita n'chakuti pa mvula ya masiku onse imagwira nthaka, imachepetsa liwiro la madzi ndi mchenga wokwirira mitsinje ndi motapira madzi a m'mipopi.

Pa ntchito zonse za odzipereka, yoteteza moto ndiyo yolemetsa. Imayamba mvula ikangosiya, udzu usanaumitsitse. Gulu limanyamuka m'bandakucha ndi makasu, zikwakwa ndi zikwanje, n'kukalambula mzere wotakasuka mozungulira malo obzalidwa mitengo, mpaka dothi lionekere. Udzu wolambulidwawo sausiya m'mphepete mwa mzere, chifukwa moto ukadzafika ungadumphire pomwepo. M'malo ena alangizi amatsogolera kutentha msanga, m'mawa kapena madzulo kukadali chinyezi, kuti moto ukhale wofatsa ndipo udye udzu wokha. Moto woopsa ndi wa Seputembala ndi Okutobala. Umayatsidwa ndi osaka nyama, ofula njuchi, osaka mbewa m'minda ya m'munsi, ndipo nthawi zina ndi munthu wokwiya chabe amene analandidwa macheka. Pozimitsa, anthu saima kutsogolo kwa malawi okwera phiri. Amawadzera m'mbali, kumenya ndi nthambi kulozetsa kumene kwapsa kale, ena akutsatira pambuyo kukwirira zitsa zofuka. Ndi ntchito yoti munthu amabwerako nsapato zitasungunuka, ngati anali nazo.

Moto ndi umenenso ukugamula tsogolo la mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984 ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri ili lokha. Matabwa ake ndi onunkhira, chiswe sichiwadya, ndipo n'chifukwa chake ocheka anautha. Tizilombo toyamwa madzi a mtengo tomwe tinafika m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi paini wa ku Mexico amene anafalikira yekha pamwamba pa phiri, zinawonjezera vutolo. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira mu 2016, MMCT, bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba ndi Botanic Gardens Conservation International anakhazikitsa manazale oyendetsedwa ndi magulu a m'midzi mozungulira phiri, ndipo mbande mazana a zikwi zinabwezedwa kumtunda. Njere zambiri zinachokera ku mikungudza imene inabzalidwa kalekale pa phiri la Zomba.

Ntchito ya panazale ndi ya kuleza mtima, ndipo ambiri oigwira ndi amayi. Dothi la m'nkhalango amalisefa, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa, n'kulithira m'machubu akuda omwe amawandandalika pansi pa chisakasa cha udzu. Kuthirira ndi kwa m'mawa ndi madzulo, mosinthana, ndipo madzi akachuluka mbande zimavunda pakhosi. Pakapita nthawi machubu amawasuntha kuti mizu isalowe pansi, ndipo mthunzi amauchepetsa pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa. Mvula ikakhazikika, m'nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, mbande zimasenzedwa pamutu kukwera nazo mtunda wa maola angapo. Komabe zonsezi moto wa tsiku limodzi umatha kuzifafaniza, poti mkungudza waung'ono supirira moto ngakhale pang'ono. Nambala ya mbande zobzalidwa imamveka bwino pa wailesi, koma yoyenera kufunsa ndi ya zimene zidakali moyo patatha zaka zisanu.

Midzi yotalikirana ndi malire, monga yambiri ya kwa Kaduya, ili ndi mbali yake imene imagwiridwa osakwera phiri. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mtolo ulionse wopezeka pafupi ndi nyumba ndi mtolo umene sunadulidwe ku Michesi. N'chifukwa chake makomiti amalimbikitsa nkhalango za m'mudzi pa malo amene nyakwawa yapatula, mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje, nsungwi, ndi mbaula zosatha nkhuni. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kusamala mphukira. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chikaphukira, mlimi amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zotsalazo n'kuzisadza, ndipo poti mizu ilipo kale, mtengo umakula msanga kuposa wa m'chubu. Mapesi a nandolo, mbewu imene Phalombe amadziwika nayo, amaphikiranso mabanja ambiri miyezi ingapo pa chaka.

Kulondera ndiko kumavuta. Wa m'komiti akapeza uvuni wa makala ukufuka m'nkhalango, kawirikawiri mwini wake amakhala munthu womudziwa, mwina mlamu wake, mwina mnzake wa kutchalitchi, ndipo amadziwanso kuti kunyumba kwa munthuyo kulibe ufa. Lamulo limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, koma msika wake uli m'matauni, ndipo matumba amatsika panjinga usiku kulowera kumisika. Magulu a ocheka matabwa amayenda ambirimbiri ndi zikwanje, moti munthu wamanjamanja sangalimbane nawo. Udindo woyenera wodzipereka ndi kuona ndi kukanena. Kugwira ndi kuzenga mlandu ndi kwa alonda a nkhalango, apolisi ndi makhoti. Vuto limabwera pamene munthu wanenedwa lero, mawa n'kumuona akuyenda pamsika, pakuti wokanena uja amatsala ndi udani ndipo ulendo wina amangotseka pakamwa.

Funso la phindu silingazembedwe m'dera limene agogo ambiri anakulira pa thangata, kugwira ntchito m'minda ya azungu popanda malipiro pofuna kuti asathamangitsidwe pamalo. Pangano losamalira limodzi limalonjeza zinthu zogwirika: kutola nkhuni zouma pa masiku oikika, kumweta udzu wofolera, kuzula bowa, kutola masuku, kupachika ming'oma ya njuchi, ndi gawo la ndalama za ziphaso. Pamene izi zikuoneka, makomiti amalimba. Pamene ndalama zimathera m'manja mwa anthu atatu a pampando, kapena mapepala a pangano achedwa ku maofesi, anthu amabwerera m'mbuyo mwakachetechete. Mapulojekiti nawo anazoloweretsa anthu ma alawansi, ndipo ntchito zolipidwa za boma zobwezeretsa chilengedwe, ngakhale n'zothandiza, zimabweretsa funso m'mudzi: bwanji uyu alandire pokumba ngalande zomwe mnzake akukumba ulele? Nthawi yobzala mitengo imagweranso pa miyezi ya njala, pamene tsiku la kunkhalango ndi tsiku lotayika la ganyu.

Pofuna njira ina, ena amaloza ku malo osungira nyama a Majete m'boma la Chikwawa, kumene boma linapereka ulamuliro kwa bungwe la African Parks mu 2003, n'kuchitanso chimodzimodzi ku malo osungira nyama a Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Ku Majete nyama zinabwerera, mikango inafikanso mu 2012, ndipo midzi yoyandikana imapindula ndi ntchito, uchi ndi udzu. Koma kumeneko kuli mpanda wa waya ndi alonda olipidwa. Mulanje sungamuzinge ndi waya, chifukwa anthu amamwa madzi ake, amadutsamo, ndipo amakapereka nsembe m'malo ake opatulika.

Ulemu wa UNESCO subwera ndi alonda kapena malipiro. Umabweretsa udindo woti boma lizipereka malipoti a mmene malowa akusungidwira, ndipo umapatsa mphamvu mawu a anthu amene akukana migodi ya miyala ya bauxite pamwamba pa phirili ku Lichenya. Ungathenso kuchulukitsa alendo okwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ngakhale kuti ambiri amalowera ku Likhubula, kumbali ya Mulanje, kumene operekeza alendo ndi onyamula katundu amapezerako ndalama. Kumbali ya Phalombe alendo n'ngochepa, choncho makomiti a kuno amadalira kwambiri zimene zalembedwa m'mapangano awo ndi dipatimenti, ndi malamulo a m'mudzi amene mafumu ndi khonsolo avomereza. Mudzi wofuna kulowa nawo umayamba n'kusankha komiti pa msonkhano wa kwa nyakwawa, kenako mlangizi wa zankhalango amathandiza kulemba malamulo ndi dongosolo la kasamalidwe, zomwe zimakasainidwa ku ofesi ya zankhalango ya boma la Phalombe.