Asodzi a mpasa pa Bua

Mvula ikakata, madzi a Bua n'kuyamba kudikha, mpasa amachoka m'nyanja kukwera mtsinje kukaswana. Nsomba imeneyi imapezeka m'nyanja ya Malawi mokha ndi m'mitsinje yothira m'nyanjamo. Bua, umene umachokera ku Mchinji n'kudzathira m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndi umodzi mwa mitsinje yowerengeka, pamodzi ndi North Rukuru ndi Songwe, imene ikadalandirabe mpasa. Chisanu chikayamba, midzi ya kumathiriro sigona tulo.

Ntchitoyi ili ndi mabwana ndi antchito ake. Mwini ukonde ndiye adagula matchera ndi bwato, ndipo nthawi zambiri sanyowa n'komwe. Amene amapalasa ndi alovi. Amatchera madzulo, amakawonjola m'bandakucha zala zitauma ndi kuzizira, uku diso lili pa mvuu ndi ng'ona. Nsomba zikagulidwa, mwini zida amayamba watenga gawo lake, zotsalazo ndiye agawane anyamata onse. Tsiku limene ukonde wabwera wopanda kanthu, mlovi amabwerera kunyumba chimanjamanja, ngakhale wachezera usiku wonse pamadzi.

Akadalipo akuluakulu odziwa kuluka mono. Amang'amba nsungwi kapena bango mopyapyala, n'kuluka dengu lalitali lokhala ndi khomo lolowera mkati, nsonga zake zosongoka, moti nsomba ikalowa siionanso potulukira. Miono imeneyi ankaitchera pa biyo, mpanda wa mitengo ndi bango wodutsa mtsinje, makomo atapenya kumunsi kumene nsomba zikuchokera. Akuluakuluwo amati biyo woyenera ankasiyidwa mpata kuti nsomba zina zidutse. Nzeru imeneyo ndi imene ndimaona kuti yasowa lero, pamene maukonde a nailoni, otchipa komanso osaoneka m'madzi, amatha kutseka mathiriro kuchoka tsidya lino mpaka tsidya linalo. Mpasa wogwidwa pamenepo amakhala wodzaza mazira.

Kumtunda ntchito ndi ya amayi. Mpasa amamung'amba chakumsana, kumuchotsa matumbo, kumutambasula, n'kumuwamba pa waya pamwamba pa moto wofuka utsi, mafuta akudontha n'kumathetheka pa makala. Pamafunika kukhala pomwepo, kutembenuza, kuchepetsa moto ukalilima; ukangochokapo pang'ono, ndalama zapsa. Wamuwisi amapita naye kumsewu wa M5, kumene achinyamata amamunyamula m'mwamba kuonetsa apaulendo a ku Salima ndi ku Nkhata Bay. Osema mabwato nawo akudandaula. Mitengo ikuluikulu idatha m'midzi, ena akusema mango, ndipo bwato lotere silichedwa kufuna zigamba za malata.

Madzi omwewa akudyetsanso alimi a mpunga pa sikimu ya Bua, mbewu imene idazika mizu ku Nkhotakota kuyambira masiku a Ajumbe, m'zaka za m'ma 1800. Si zachilendo kuona munthu mmodzi ali ndi nkhafi nyengo ino, khasu nyengo inayo.

Ndiye pali alonda a nkhalango. Bua usanafike kunyanja umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 mbali zonse, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mogwirizana ndi boma mu 2015. Ambiri amakumbukira njovu pafupifupi 500 zimene zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Koma alonda omwewo ndi amene amayenda m'mphepete mwa mtsinje kuzula maukonde ndi kuletsa othira katupe m'maiwe. Msodzi amene agogo ake ankapha nsomba m'malo amenewo n'zomveka kuti mpanda wa nkhalangoyo umamuwawa. Komabe ndinene poyera: mpasa amaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera, oyenda komanso osazama, ndipo malo otere ambiri atsala mkati mwa mpandamo. Popanda alondawo, alovi a kumathiriro akadapachika kale nkhafi. Tidaona mmene nchila idazimiririra, nsomba imene kale inkadzaza madengu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mlandu wonse timausenzetsa msodzi. Matope amene amakwirira timiyala toikirapo mazira sachokera padoko. Amachokera kutali, ku minda ya fodya ndi chimanga ya ku Mchinji ndi ku Kasungu, kumene mitengo idagwetsedwa ndipo anthu alima mpaka m'gombe mwa mtsinje wa Rusa ndi Bua yemwe. Lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula njira yoti anthu a m'midzi aziyang'anira nawo nsomba, ndipo makomiti a padoko amatha kulanda ukonde woletsedwa ndi kukatula munthu kwa mfumu. Mlimi amene wagalauza gombe ku Kasungu komiti ya pa Bua simudziwa dzina, ndiponso ilibe mphamvu yomuitanira kubwalo.