Lamulo la United Nations: Ife Tinalisunga, Eni Ake Analilumpha

Ana a sukulu akapita kukaona nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, amauzidwa za kumenyera ufulu. Cimene samva kawirikawiri ndi mtengo umene tinalipira ufuluwo utabwera, cifukwa comvera lamulo limene maiko akuluakulu analilemba okha.

Pa 11 November 1965 Ian Smith anapandukira Britain ndi kulengeza kuti Rhodesia ndi dziko lodzilamulira, pansi pa azungu ocepa. Bungwe la Security Council linagamula mu 1966 kuti maiko aleke kumugulitsa mafuta ndi kugula katundu wake monga fodya ndi chrome, ndipo mu 1968 linatseka pafupifupi malonda onse. Ndime 25 ya Charter ya United Nations imati membala aliyense ayenera kutsatira cigamulo cotere. Britain ndi America anavomera ndi voti yao.

Ife tinaliona lamulolo ngati loona. Koma njanji yathu, malasha a ku Wankie ndi mafuta athu zonse zinali kudzera kwa Smith. Petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi. Madilamu a mafuta anali kubwera pa malole kucokera ku Dar es Salaam, pa mseu wa dothi umene madalaivala anaucha Hell Run, kufikira paipi ya TAZAMA itatha mu 1968. Mu January 1973 Smith anatseka malire, ndipo atafuna kutsegulanso, a Kaunda anakana.

Alimi acikulire akukumbukira 1978. Mvula inali pafupi, feteleza atatsakamira ku madoko. Mu October boma linameza mate owawa ndi kutsegula njanji ya kumwera kuti cimanga cisafe ndi njala m'munda. Mwezi womwewo, pa 19, ndege za Smith zinaponya mabomba ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mkulu wao anauza nsanja ya pa bwalo la ndege kuti ndege zathu za nkhondo zisanyamuke. Ndege siyenda ndi madzi. Nanga mafuta ake anali kucokera kuti?

Yankho linali litatuluka kale mu September, mu lipoti la loya Thomas Bingham ku London. Zombo za nkhondo za Britain zinalondera doko la Beira kuyambira 1966 mpaka 1975, ati kuletsa mafuta. Komatu mafutawo anali kulowa bwinobwino kudzera ku Lourenço Marques ndi South Africa, nthambi za Shell ndi BP zili m'kati mwa malondawo, ndipo ena m'boma la Britain anali kudziwa. Tiyerekeze tcheyamani wa mphakati amene wakhazika mlonda pa khomo la nkhokwe, iye n'kumatulutsa matumba kuseri.

America ndiye sanabise n'komwe. Mu 1971 nyumba yao ya malamulo inavomereza lamulo lochedwa Byrd Amendment, lolola kugula chrome ya ku Rhodesia masana dzuwa likuswa mtengo, ponena kuti sangadalire ya ku Soviet Union. Analicotsa mu 1977, pa nthawi ya Jimmy Carter, atagula kwa zaka zisanu. Security Council sikanatha kuwalanga, pakuti America ndi Britain ali ndi mphamvu yokana cigamulo ciliconse cimene sacifuna.

Kuno, mu 1979, asilikali a Rhodesia anagumula nyumba ya a Joshua Nkomo m'kati mwa Lusaka ndi kuphulitsa milatho ya pa Chambeshi. Ku London, pa zonse zimene Bingham anavumbula, palibe mkulu wa kampani ngakhale mmodzi amene anaimirira m'khoti.