Kodi Mufuna Kutsegula Kantini? Taonani za pa Goliati

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsekedwa ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, alimi ena amene atsala ndi kandalama m'thumba ayamba kulingalira za malonda. Ambiri aganiza za kantini, imene ana a masiku ano aitcha golosale kapena okala. Ndipo pakuti iwo ndi alimi, anena mumtima mwawo kuti, "Ine sindidzavutika ndi kukaoda katundu ku tauni, ndidzagulitsa zakudya zolimidwa konkuno, zanga ndi za anansi anga." Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo ife sitifuna kufooketsa munthu. Koma tifuna kuti asanakhome mashelefu ayambe waona m'mene malonda otere ayendera pa Goliati, m'boma la Thyolo, pamene anthu akhala akugulitsana ndiwo zamasamba kwa zaka zambiri.

Goliati ali m'dera la Mfumu Chimaliro. Dziko la kumeneko ndi lokwera ndi lozizira, mvula igwa yokwanira, koma malo olima ndi ochepa. Kuyambira zaka za m'ma 1890 Azungu adatenga nthaka yaikulu ya m'bomali, ndipo pambuyo pake adabzalamo tiyi. Anthu ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, adakhala pa maesiteti mwa thangata, kulipira malo ndi thukuta lawo, kufikira thangatayo adathetsedwa m'chaka cha 1962. Maesiteti alipobe, ndipo anthu achuluka: kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 700,000 m'boma la Thyolo. Munthu wa kamunda kakang'ono sangadalire chimanga chokha. Chifukwa chake anthu a kumeneko adalimbikira madimba a matimati, kabichi, mpiru ndi anyezi, ena naweta ng'ombe zamkaka m'khola.

Ogula nawonso alipo. Alipo antchito a m'maesiteti, amene alandira ndalama koma alibe nthawi kapena malo olimapo ndiwo. Alipo opikula ochokera ku Limbe ndi Blantyre. Ndipo kuyambira 2014 alipo ophunzira ndi aphunzitsi a Malawi University of Science and Technology, sukulu yomangidwa pa Ndata, pa malo a malemu Bingu wa Mutharika, kufupi ndi Goliati. Wolima ali pafupi, wakudya ali pafupi. Nanga wogulitsa angagwe bwanji?

Angagwe ndithu, ndipo chomugwetsa choyamba ndi chizolowezi chathu ife alimi a chimanga ndi fodya. Mbewu zathu zidziwa kudikira. Chimanga chouma bwino chikhala m'thumba miyezi yambiri, ndipo fodya afika ku msika patapita masabata ambiri chimuthyolereni. Tidazolowera kuti mtengo ukaipa tisunga katundu. Koma matimati sadikira, mpiru wothyoledwa m'mawa ufota madzulo, ndipo mkaka wosaziziritsa usasa tsiku lomwelo. Tiyerekeze kuti mwaoda dengu la matimati 100, ndipo mwaika mtengo woti mukagulitsa 80 mpamba wanu ubwerere, kuti 20 otsalawo akhale phindu. Tsiku loyamba mwagulitsa 40, lachiwiri 25, lachitatu 10, ndipo 5 mwapereka basera kwa ogula okondedwa. Tsiku lachinayi mupeza kuti pa 20 otsala aja theka afewa ndi kutuluka madzi. Ndalama zinali kulowa tsiku lililonse, anthu anali kudzaza pakhomo, koma dengu lonselo lakusiyirani phindu la matimati 5. Tikachotsapo chiphaso cha msika ndi ndalama ya wonyamula, mwagwira ntchito ya masiku anayi pachabe.

Chachiwiri ndi chovuta koposa, ndipo ndicho tifuna muchisinkhesinkhe. Nyengo ya dimba ndi nyengo ya thumba la wogula sizigwirizana. Tiyi aphuka kwambiri m'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo ndiyo nthawi imene maesiteti alemba othyola ambiri. Pamenepo ndalama zili m'manja mwa anthu. Koma ndiyonso nthawi imene matimati avuta kulima, pakuti chinyezi chibweretsa chiwawu, madimba ambiri amira, ndipo mlimi aliyense ali kalikiliki m'munda wa chimanga. Ndiwo zisowa, mtengo ukwera. Chilimwe chikafika zinthu zitembenuka: madimba onse abala pamodzi, milu ya matimati ichuluka pa msika, pamene antchito ambiri a tiyi apumitsidwa ndipo matumba awo apepuka. Sukulu nayonso ili ndi nyengo yake. Ophunzira akapita ku tchuthi, wogulitsa amene adawadalira atsala ndi kabichi wake.

Mwini kantini wanzeru sangoyembekeza chimene chibwere pa njinga m'mawa. Iye apangana ndi alimi anayi kapena asanu a pafupi, mbewu isanafesedwe. Wina afese sabata lino, wina pakapita masabata awiri, wina pambuyo pakenso, kuti zokolola zizifika pang'onopang'ono, osati zonse tsiku limodzi. Matimati akhala pa nazale ngati mwezi umodzi, ndipo ayamba kupsa patapita miyezi iwiri kapena itatu chiwokereni. Kotero wofuna matimati a Januwale ayenera kulankhula ndi mlimi mu Seputembala. Afunenso mlimi mmodzi wa kumtunda, kumene madzi sadikha, amene alola kuzika timitengo ndi kusamalira matimati a m'dzinja. Mlimi ameneyo ayenera kudziwa kuti katundu wake ali ndi mwini, ndi kuti adzalipidwa tsiku lomwe apereka. Ife tiona kuti pangano lotere liswedwa kawirikawiri mbali zonse ziwiri: mtengo ukakwera mlimi athawira kwa opikula a ku Limbe, ndipo ukatsika mwini kantini akagula kotchipa kwina. Amene ayamba kuswa ndiye adzalira nyengo inayo.

Pa pangano lomwelo munenepo za mankhwala. Mankhwala alionse opopera ali ndi masiku olembedwa pa botolo kapena paketi, oyenera kupita musanathyole. Chiyambire kufika kwa mbozi yoboola matimati yotchedwa Tuta absoluta, cha m'ma 2016, alimi ambiri apopera mobwerezabwereza, ndipo ena athyola mankhwala akuonekabe pa khungu la matimati. Wopikula wa ku tauni sadzaonana ndi wakudya. Koma inu mugulitsa kwa mnansi wanu, ndipo mwana wake akadwala adzadziwa pakhomo pogogoda.

Za kasungidwe tinena mwachidule. Ndiwo zikhale pa mthunzi, pamalo popita mphepo, osati pansi pa malata otentha. Musaunjike matimati m'dengu lakuya, pakuti apansi aphwanyika. Sankhani m'mawa uliwonse: akupsa kwambiri kutsogolo ndi mtengo wotsika, osapsetsa kumbuyo. Nthochi zakupsa ndi mapeyala zitulutsa mpweya umene ufulumiza kupsa kwa zipatso zina ndi kuchezula masamba, kotero muziike pazokha. Masamba otsala musataye. Afutseni, pakuti mfutso ugulika ndiwo zikasowa. Mkaka musauyese ngati mulibe choziziritsira. Alimi a mkaka a ku Thyolo ali ndi mabungwe awo osonkhanitsa mkaka, okhala ndi matanki oziziritsira, pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo inu ndi chidebe chanu simungapikisane nawo.

Musaike mtima wonse pa mbewu imodzi. Akuluakulu akumbukira pamene Thyolo adali kudyetsa mizinda yathu nthochi, magalimoto akutuluka odzaza. Matenda a chisaka adapululutsa minda imeneyo, kufikira misika yathu idayamba kulandira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adakokolola minda ndi madimba m'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi ena. Zakudya za pafupi zili ndi ubwino wakuti sizidya ndalama zambiri za galimoto, koma tsoka likagwa pa mudzi ligwera alimi anu onse pamodzi. Chifukwa chake msana wa kantini ukhale zouma: nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, makaka ndi ufa. Apa ndipo luso lanu la chimanga ligwira ntchito. Mugule nthawi yokolola mtengo uli pansi, muumitse bwino kuopa chuku, muteteze kwa anankafumbwe, ndi kugulitsa pang'onopang'ono ndi muyeso woona. Chigoba chophwanyidwa pansi chibera wogula kamodzi, koma mbiri yake iyenda mudzi wonse.

Tatsala ndi ngongole. Pamalo pamene anthu alandira malipiro pa tsiku loikika, adzabwera ndithu kunena kuti, "Ndilembeni, ndidzapereka tikalandira." Simungakane onse, pakuti ena ndi ogula okhulupirika, ena ndi abale. Koma akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlimi wa dimba afuna ndalama yake lero, ndipo simungamulipire ndi maina a m'buku. Ikani malire a ngongole ya munthu aliyense, ndipo asatenge ina yakale isanathe. Chenjerani makamaka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene ntchito ya tiyi iyamba kuchepa ndipo antchito ena abwerera kwawo osatsazika.

Bukulo likhale ndi masamba atatu: la zimene mwagula, la zimene mwagulitsa, ndi la zimene zawonongeka kapena zadyedwa pakhomo panu. Tsamba lachitatuli ndilo ambiri salemba. Mayi a kunyumba akatapa anyezi wa ndiwo za madzulo, kapena mwana akatola nthochi popita ku sukulu, zilembedwe pamenepo ndi mtengo wake, ndipo muziwerengera pamodzi Loweruka lililonse musanapite kukaoda katundu wina.