Lusaka anabadwira pa njanji

Ambiri timaiwala kuti Lusaka anayamba ngati kasiteshoni chabe. Mu 1905, omanga njanji yochokera ku Livingstone kulowera ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, anaika podutsirana sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Malowo ndi athyathyathya, pansi pali thanthwe la laimu, n'chifukwa chake dzinja likafika madzi amangoti ndengundengu m'misewu ya m'tauni.

Chimene chimandiwawa ine ndi mmene anaugawira mzindawu likulu la dziko litasamukira kuno mu 1935. Azungu anatenga kumtunda, kum'mawa kwa njanji, kumene kunadzakula Woodlands ndi Kabulonga. Antchito akuda anawapanikiza m'tinyumba tozungulira, tofolera udzu, ku Kabwata. Tina tidakalipo mumsewu wa Burma, ndipo amisiri amasemerapo ziboliboli zogulitsa kwa alendo.